Chithunzi cha Mwana wa Nthochi

Kunali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene ankakhala m'tauni n'kumajambula zithunzi pakompyuta. Dzanja lake linali labwino, zimenezo tisamunamizire. Akajambula bango lakupsa... ayi, ndinene zoona, akajambula chipatso chilichonse, woona ankameza malovu.

Kwawo kunali kumapiri, kumene anthu ankadalira nthochi. Ndiye kunagwa matenda a chisaka. Masamba ankangounjikana kunsonga, nthochi osabereka. Anthu anazula minda yonse n'kutentha, ndipo kwa zaka zitatu mudzi unakhala pambalambanda. Zinali zomvetsa chisoni, chifukwa kunali ana oyenda kale amene anali asanalawepo nthochi ya kwawo.

Mlongo wake wamkulu wa Lufeyo, mayi wina wolimba mtima dzina lake Esinala, sanagwe ulesi. Anapeza mbewu yopanda matenda, nabzala kudimba kwake, naisamala ngati khanda. Mbewu ija itakula n'kutulutsa ana ambiri m'munsi mwake, iye analengeza kuti mvula ikayamba, banja lililonse lidzakumbe ana awiri likabzale kwawo.

Koma panali vuto. Ana a nthochi si onse oyenera kubzala. Anthu anali ambiri, Esinala anali mmodzi, ndipo sakanatha kuima pa phata lililonse n'kumaloza. Wosankha molakwa akanataya chaka chathunthu, ndipo mbewu ina yoti n'kuyambiranso kunalibe. Choncho anatumiza uthenga kwa mchimwene wake kuti ajambule chithunzi chachikulu choonetsa mwana woyenera kukumba, choti ngakhale wosadziwa kuwerenga akachiona amve.

Lufeyo sanafunse kanthu. Anati mumtima mwake, ine ndinabadwira m'nthochi, ndifunsenso chiyani? Kubadwiramo anabadwiramodi, koma anachoka ali wamng'ono, asanakumbepo mwana wa nthochi ndi mmodzi yemwe. Paja amati safunsa anadya phula.

Anagwira ntchito milungu itatu. Anajambula kamtengo ka masamba aakulu, otambalala, obiriwira bwino. Anaika kadontho ka mame pansonga pa tsamba, ndi dzuwa likuwala kumbuyo kwake. Ankakulitsa chithunzicho pagalasi la kompyuta mpaka mitsempha ya tsamba kuoneka, n'kumaikonza umodziumodzi. Atatumizira anzake pafoni, onse anamutamanda, iye mutu n'kukula.

Mitambo itayamba kusonkhana, ananyamula kompyuta yake n'kupita kumudzi kuti mlongo wake aone asanakasindikize. Anakhala pakhonde, natsegula. Esinala anayang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, n'chokongola zedi," anatero. "Koma mwana mwajambulayu ndi amene ife timadula n'kutaya."

Lufeyo zinamupweteka. "Achemwali, inu za zithunzi mwazidziwira kuti?"

"Sindizidziwa ayi. Tanyamulani khasu ilo."

Anatsetserekera kudimba. Pa phata lina panali ana awiri. Wina anali wa masamba aakulu, ndendende wa pachithunzi uja. Mnzake anali wosaoneka bwino, wonenepa kumunsi, woonda kumwamba, timasamba take tosongoka ngati mkondo. Esinala anamuuza kuti akumbe onse awiri.

Wa masamba aakulu anazuka ndi khasu limodzi. Kunsi kwake kunali kachitsa kochepa ngati dzira, ndi timizu towerengeka. Wa masamba osongoka anakana. Lufeyo anakumba mpaka thukuta kamukamu, malaya a m'tauni ali matope okhaokha, ndipo anachita kudula polumikizana ndi mayi wake kuti achoke. Chitsa chake chinali ngati dzungu, cholemera, cha mizu yambiri.

"Mwaona?" anatero Esinala. "Uyu wathamangira kutambasula masamba chifukwa pansi alibe chomugwira. Kwa mayi wake sakuyamwako, ndiye akudzifunira yekha chakudya. Mukam'bzala amachedwa, ndipo kamkoko kake n'komvetsa manyazi. Mnzakeyu akuyamwabe. Masamba sakuwafulumirira, akuyamba wamanga pansi."

Lufeyo anaika khasu pansi. Manyazi anamugwira, ndipo mtima unamuwawa poganiza za milungu itatu ija. Maganizo ena anamunong'oneza kuti angolemba mawu pansi pa chithunzi ochenjeza anthu, chithunzicho chikhale momwemo. Koma iye ankadziwa kuti ambiri obwera kudimbako sadzawerenga mawu. Adzayang'ana chithunzi, n'kukumba chimene aona.

Ananyamula mwana wa masamba osongoka uja ndi matope ake omwe, nakamuika pamphasa pafupi ndi kompyuta. Kenako anafufuta chithunzi chake chokongola chija, chonse, n'kuyambanso. Ulendo uno maso ake sanachoke pa chinthu chimene chinali patsogolo pake. Anajambula timasamba tosongoka monga tinalili, kunenepa kwa kumunsi, chitsa, mizu, ngakhale bala la podula paja. Mame sanaikepo. Anzake a m'tauni atachiona anati dzanja lake latsika.

Mvula itagwa, chithunzicho anachipachika polowera kudimba. Anthu ankaima, kuyang'ana, n'kulowa ndi makasu awo. Ana a masamba aakulu ankangowadutsa. Patapita chaka ndi miyezi ingapo, m'mudzi monse muja anthu anali kalikiliki kudula mphanda zochirikizira nthochi, chifukwa mikoko inalemera mpaka mitengo kupendekeka.

Tsono inu makolo anzanga, ndikunena ndi inu. Tsiku lililonse mumapachika chithunzi pamaso pa ana anu. Mukati, "Taona mwana wa uje, msinkhu wako womwewu koma taona mmene akuvalira, taona mmene akutchukira," mwapachika chithunzi, ndipo mwana adzatsata chimene mwamuonetsa. Kodi munayamba mwakumba kuti muone chimene chili pansi pa masamba amenewo? Zimandiwawa kuona mwana wofatsa, amene akuphunzirabe, akumverabe, akufunsabe, akunyozedwa m'nyumba ya makolo ake chifukwa sanayambe kuoneka. Ameneyo musamudule. Akumanga pansi, ndipo nthawi yake ikakwana mudzasowa mphanda zokwanira. Ngati munapachika chithunzi cholakwika, musataye mtima, mvula sinagwe. Pitani kunyumba lero, mukachitsitse, ndipo mwana wanu uja mukamuuze ndi pakamwa panu kuti mukumuona.