Disiki ya Nyimbo

Kalekale, mafoni a m'manja asanafike m'midzi, pawailesi ina yaing'ono panali mkulu wa ntchito dzina lake mayi Nachisale. Chimene ankanyadira kwambiri chinali nyimbo za pamtondo, za chinamwali ndi za maliro zimene wailesiyo idajambula kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ambiri mwa oimbawo anali atatisiya kale. Nyimbozo zinkakhala mu seva, kompyuta yaikulu ya madisiki atatu, ndipo Loweruka lililonse sevayo inkakopera yokha zinthu zake pa disiki ina yosungira.

Tsiku lina Zione, wosanja mapulogalamu, adabwera kwa mayi Nachisale. "Mayi, tikujambula nyimbo zambirimbiri, koma malo pa disiki yosungira sakuchepa ayi. Chilipo chimene sichikulowa." Anzake adamuseka, koma iye adakakamira milungu itatu mpaka mayiwo adalamula kuti pafufuzidwe.

Lufeyo, katswiri wa makompyuta, adatsegula zenera lakuda lolembapo malamulo, nawerenga mzere ndi mzere. Lamulo lokopera linkatchula disiki C ndi D basi. Disiki E, ya nyimbo, idaiwalika. Adaiwonjezera, seva idakana. Adayesanso, idakananso. Dzuwa litapendeka ndi pamene adazindikira kuti pakati pa zilembozo pafunika mpatuliro, osati mpata. Atakonza, seva idayamba kukopera madisiki onse atatu.

Bambo Kachingwe, amisiri a mlongoti, adangopukusa mutu. "Ana inu, mbewu sasunga m'nyumba imodzi." Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse seva ikatha kukopera, ankazula disiki yosungira ija, n'kuikulunga m'pulasitiki, n'kupita nayo kwawo panjinga mpaka Loweruka linalo.

Mu Disembala, masanasana, mphezi idagwa pamlongoti. Seva idapsa pamodzi ndi zonse zolumikizidwa nayo. Mayi Nachisale adakhala pansi m'kholido, fungo la nthambo zopserera lili fwee.

Patapita masiku anayi adabwereka kompyuta ina. Bambo Kachingwe adamasula pulasitiki yawo, Lufeyo adalemba lamulo lobwezera. Atatsegula nyimbo yoyamba, m'chipindamo mudamveka misi ikugunda mumtondo, ndi mawu a amayi amene adamwalira zaka zisanu zapitazo. Zione adaimba nthungululu. Mayi Nachisale adavina nsapato zili m'manja. Palibe nyimbo ndi imodzi yomwe idatayika!

Komiti ya wailesi idati mayiwo asankhe mmodzi mwa atatuwo akhale wachiwiri wawo, poti mpandowo unali wopanda munthu.

"Ndikadapanda kuona, ndani akadafufuza?" adatero Zione.

"Kuona kokha sikukadalemba lamulo," adayankha Lufeyo.

"Lamulo lanulo lidapsera limodzi ndi seva," adatero bambo Kachingwe. "Disiki idapulumukira kwanga."

Mayi Nachisale adawayang'ana onse atatu, mpando uli umodzi. Nanga inu mukadakhala iwo, mukadaupereka kwa yani?