Nyani ndi Chikho cha Makolo

Izi ndinazimva kuchigayo kwa mayi a Felista. Paja iwo aja amathira mchere nkhani, koma theka lake ndikulikhulupirira. Akuti kufiira kwa kumbuyo kwa Nyani si kobadwa nako ayi.

Kalekale, nyama zikuyankhula, zinali ndi dziwe limodzi, ndipo zinkasankha mtsogoleri wogawa madzi. Mvula yoyamba ikagwa, wosankhidwayo ankamwa m'chikho cha makolo, ulamuliro wake nkuyamba. Chikhocho aliyense ankamwera kawiri kokha pa moyo wake.

Nyani anamwa koyamba, nkulamulira bwino. Anamwa kachiwiri, nkutchinga dziwe ndi minga kuti azisambamo ndi chibwenzi, mkazi wake ali kumunda, anapiye a Nkhanga akukomoka ndi ludzu. Nyama zinakhala upo nkumuchotsa chilimwe chisanathe. Iye anakakamira pamwala wa mtsogoleri, mpaka zinachita kumukhwekhwereza. Kufiira kuja ndi kumeneko.

Chisankho china chitayandikira, Nyani uyo kwa Njati. "Achimwene, ndiimanso. Ulamuliro wachiwiri sindinaumalize, ndiye suwerengedwa."

Njati anati, "Kaya."

Uyo kwa Nungu, mawu omwewo. Nungu anati, "Kaya."

Uyo kwa Nkhanga, mawu omwewo. Nkhanga anati, "A Nyani, mkamwini akathamangitsidwa chimanga chisanache, amakanena kwawo kuti sanakwatirepo? Timawerenga kumwa, osati kumaliza."

Pabwalo Nyani anatembenuza nkhani. "Kachiwiri kaja chikho ndinangochigunditsa pamlomo. Sindinameze."

Nyama zinasowa umboni, poti kukhosi kwa mnzako sungasuzumireko. Nkhanga anayang'ana anapiye ake, nkuona minga ija ikubwerera.

Pamenepo anadzuka apongozi ake a Nyani, amayi a mkazi uja. Anamufulatira monga mwa mwambo nkuti, "Bambo a Tinenenji, madzi aja ndinatunga ndine, chikho ndinatsuka ndine. Tanenaninso ndimve."

Nyani amanamiza njati, amanamiza nungu, koma apongozi ayi. Anabisala kuseri kwa mtengo, mawu nkumatulukira komweko: "Amayi, ndinameza. Ndinanyambitanso."

Nkhanga anagwada nkuwomba m'mapiko: "Zikomo mayi, ana anga amwa chaka chino." Nyama zonse zinawathokoza, ndipo mpaka lero nyani wamkazi wokalamba akafika padziwe, nkhanga zimamupatsa malo pokumbukira apongozi aja.

Mpando ukauipitsa nkuchotsedwapo, usanene kuti sunakhalepo. Nthano yanga yagonera pamenepa, kaphuleni mbatata zanu zisapserere.