Kalata ya Kapitawo Namakhwa

Kapitawo Namakhwa wa pa esiteti ya tiyi sankadziwa kuwerenga, koma ankabisa. Tsiku lina anaitana Esinati, mmodzi wa othyola tiyi.

"Undilembere kalata yofunsira mng'ono wako. Ukakana, mawa usabwere kuntchito."

Esinati analemba mawu onse amene kapitawo ananena. Koma pa envulopu analembapo dzina la apongozi aakazi a kapitawoyo, n'kumupatsa anthu akuona.

"Taonani, bwana, ngati dzina ndalemba bwino."

Namakhwa anayang'anitsitsa ngati mphunzitsi wochonga mayeso. "Lili bwino. Itumize."

Lachisanu apongozi anatulukira pasikelo yoyezera tiyi, kalata ili m'manja, antchito onse ali pamzere.

"Akamwini, ndiye mwati m'chiuno mwangamu mukukusowetsani mtendere? Mwati mkazi wanu, mwana wanga, wakukwanani?"

Namakhwa anatembenukira Esinati.

"Bwana, si dzina munawerenga nokha?" anatero Esinati. "Kapena simutha kuwerenga?"

Namakhwa anayang'ana apongozi, n'kuyang'ananso antchito.

"Ndimatha," anatero chapansipansi.

Apongozi anapinda kalata ija bwinobwino, n'kuwerama kuvula patapata.