Kaliwo wa Sandikonda

Ana inu, mawu ena amene timangowatchula poseka adabadwira m'misozi. Mverani za abale awiri a kumapiri a ku Ntchisi.

Wamkulu, Sandikonda, adali mlimi wa fodya. Mng'ono wake, Mkwaira, ankasema makaliwo, tija tosutira fodya. Iye sankasema nthambi wamba. Ankakumba chitsa cha mtengo wolimba, kuchiwiritsa kuti chichoke kuwawa, kenaka kuchiumitsa pamthunzi mpaka mvula ibwere kawiri. Akasema, mizere ya mtengowo inkaoneka ngati malawi a moto.

Chaka china Sandikonda adakolola fodya wonunkhira yemwe sadakololeponso chibadwire. Mkwaira atamununkhiza adati, “Achimwene, fodya uyu musamuwonongere m'kaliwo wanu wadothiyu. Ndikusemerani wina woti anthu azidzabwera kudzangomuona.”

Sandikonda adakondwa. Adapota fodyayo, namukulunga m'makoko a nthochi, namupachika kutsindwi. Kaliwo wadothi uja adapatsa mlendo wina wodutsa.

Mkazi wake, Nangondo, adamufunsa, “Mwapereka amene muli naye chifukwa cha amene akali m'nthaka?”

“Mphwanga sanama,” adayankha Sandikonda.

Zoonadi Mkwaira sankanama. Adapeza chitsa chabwino, nachiumitsa zaka ziwiri. Chaka chachitatu adayamba kusema, koma mtima wake sunkakhutira. Lero wachepetsa khosi, mawa wasalaza mutu, mkuja wangokhala n'kumamuyang'ana. M'nyengo yomweyo Sandikonda adayamba kudwala. Miyendo idatupa, khasu adalisiya.

Nangondo adapita kwa mmisiriyo. “Alamu, akulu anu akutha. Apatseni kaliwoyo momwemo.”

“Kwatsala kuboola kokha, alamu. Ndikabowolera pamaso pawo.”

M'mawa mwake, kukuwomba mphepo ya mwera, adamutulutsa wodwalayo namukhazika pakhonde. Mkwaira adasonkha moto pabwalo, nawotcha kachitsulo mpaka kufiira. Sandikonda adalandira kaliwoyo, namutembenuza m'manja mwake mowonda, namwetulira.

“Wasema, mphwanga. Maliza.”

Mkwaira atamulandiranso, kachitsulo kadalowa bwino, utsi uli tolotolo. Katafika pakati kadagunda kanthu kolimba. Kadali kamwala komwe muzu udameza ukali m'nthaka, kosaoneka kunja. Mkwaira adakankha pang'ono, ndipo kaliwo adang'ambika pawiri.

Mkwaira adangoti zyoli, zidutswa zili m'manja.

Kenaka Sandikonda adati, “Nangondo, tsitsa fodya uja. Umupere, ndingokoka wamphuno.”

Nangondo atamasula makoko aja adapeza kuti denga lidadonthera. Fodya yense adali atachita nkhungu, wayera ngati phulusa. Adasankhamo katsamba kamodzi kabwino, nakapera pamwala, nathira ufawo pachala cha mwamuna wake. Udali wongokwana kukoka kamodzi.

Sandikonda adakweza chala. Chisanafike pamphuno adamva mng'ono wake akusisima, ndipo adaima.

“Usalire, mwana wa mayi anga. Mwalawo sudauikemo ndiwe.”

Akuyankhula choncho mwera udakuntha pakhonde. Atayang'ana pachala padalibe kanthu.

Adachiyang'anitsitsa chalacho, nachinunkhiza. “Zaka zitatu ndakhala ndikuti ndili ndi fodya,” adatero motsitsa mawu. “Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ndi wamphepo.”

Adamwalira pasanathe masiku asanu. Pamaliro Nangondo adafotokoza mawu amenewa, ndipo obwera kudzalira adapita nawo kwawo. Mkwaira adakhala zaka zambiri pambuyo pake, akusema mipini ndi zipande, koma kaliwo sadasemenso.

Ndiye mukamva akulu akuti, “Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo,” musaganize kuti akukuphunzitsani fodya. Akunena kuti chako ndi chimene chafika kale kwa iwe. Cholonjezedwa, ngakhale walonjezayo ndi m'bale wako wokukonda, chikhoza kuthera panjira. Usataye chochepa chimene uli nacho chifukwa cha chachikulu chimene sunachilandire. Ndipo ngati walonjeza ndiwe, pereka mwini wake akali ndi mpweya.