Mphika wa Maluwa pa Ukwati wa a Njiri

Birimankhwe ndi Kamba anali ojambula zithunzi za maukwati m'dambo la Kanyerere, ndipo sankamwerana madzi. Chaka chimenecho ankalimbirana ntchito imodzi, ukwati wa mwana wamkazi wa a Njati. Wopata ntchitoyo akanatchuka mpaka kutsidya kwa phiri, wotsalayo akanabwerera kumsika kukajambula tizithunzi ta ziphaso. Mayi Njati anali atanena kuti ayamba aona tsamba la pa intaneti la aliyense asanasankhe.

Tsamba la Kamba linali ngati mwini wake, lochedwa kutseguka komanso losadzola kanthu. Munali akwati otuluka thukuta, ana olira, ndi ankhoswe akuyasamula. Birimankhwe ataliona anaseka mpaka kusintha mtundu katatu. Koma mtima wake unali m'mwamba, chifukwa tsamba lake nalonso linali lisanamubweretsere kasitomala ndi mmodzi yemwe.

Choncho anapita kwa Khwangwala, wokonza mafoni pamsika, amene ankadziwa chilichonse kupatula kukhala chete.

"Achimwene, mukufa ndi chilungamo," anatero Khwangwala akuyang'ana zithunzi zimene Birimankhwe anajambula pa ukwati wa a Njiri. "Taonani apa. Fumbi, chigulu, lichero la perekani-perekani. Ndani angakutengeni ndi zoterezi?"

"Nanga nditani, poti ukwatiwo unali choncho?"

"Sesani! Makasitomala amagula ndi maso."

Birimankhwe analibe maganizo okhalitsa, ankangotengera mtundu wa amene wamuyandikira. Anakhala pa kompyuta n'kuyamba kusesa. Mkwatibwi anamuchotsa njerewere zonse, n'kumufupikitsa mano, n'kumuyeretsa khungu. Pafumbi anadzalapo kapinga, ndipo ankhoswe a jekete yong'ambika anawafufuta osawapepesa n'komwe.

Pa chithunzi chokongola kuposa zonse panali vuto limodzi. Mayi wina wojintcha, atavala nsalu ya yunifomu ya ukwatiwo, ankavina atafulatira kamera, ndipo msana wake unaphimba theka la keke. Birimankhwe anamufufuta n'kuikapo chimphika cha maluwa. Ndi maso ake oona uku ndi ukuwo, sanaganizeko zofunsa kuti msanawo unali wa yani.

Tsiku losankha litafika, Mayi Njati anaitana onse awiri pakhonde pawo. Khwangwala naye anatsatira, kudikira kuyamikiridwa. Tsamba la Kamba linkangozungulira osatseguka, choncho anayamba ndi la Birimankhwe.

"Koma ndiye zokongola!" anatero Mayi Njati. "Ukwati wakunja kodi?"

"Ayi mayi, wa konkuno," anayankha Birimankhwe atatukumuka. "Wa a Njiri, chaka chatha."

"Wa a Njiri? Ine ndinaliko. Nanga mkwatibwiyu ndi mwana wa yani?"

"Ndi yemwe uja, mayi. Tangomukonzako pang'ono."

Mayi Njati anayamba kusuntha zithunzi chimodzichimodzi, monga amachitira aliyense amene anapita ku ukwati: ankadzifunafuna. Anafika kumapeto, n'kubwereranso koyambirira. Kenako anaima pa chithunzi cha keke chija, mphuno zikufufuma.

"Bambo, ine ndinasoketsa yunifomu. Ndinavina nyimbo zisanu ndi ziwiri, bondo likundipweteka. Ndinaponya perekani mpaka chikwama kupepuka, ndipo ndinaima apa." Anagogoda foni ndi chiboda, pa chimphika chija. "Mundiuze bwinobwino. Ine ndine mphika?"

Birimankhwe anafiira, anabiriwira, kenako anatuwa ngati khoma la khondelo, koma ankaonekabe. Diso limodzi linafunafuna Khwangwala. Katswiri uja anali atauluka kale, ati wakumbukira foni ya kasitomala.

Nthawi yomweyo tsamba la Kamba linatseguka. Naye anali atajambulako pa ukwati womwewo. Anatulukira Mayi Njati, pakamwa pali yasa, duku litapendekeka, thukuta lili kamukamu, ndalama zili m'mwamba. Pambali pawo panali ankhoswe a jekete yong'ambika aja akuwaombera m'manja. Chithunzicho sichinali chokongola ngakhale pang'ono, koma Mayi Njati anaseka mpaka misozi, n'kuitana amuna awo kuti adzaone.

"A Kamba, mudzajambule mwana wanga," anatero akupukuta m'maso. "Abale anga ndi ojintcha onse. Awawa angandisandutsire mtundu wonse miphika."

Nkhaniyo inafika kumsika Birimankhwe asanafike. Nyama zinatsegula tsamba lake mwaunyinji kuposa kale, osati kudzamulemba ntchito, koma kudzaona amene anafufutidwa. Bambo Njiri, mkwati uja, nawo anabwera kudzafunsa kuti mkazi amene awagwiritsa mkono pa zithunziyo ndi ndani, poti kunyumba kwavuta. Birimankhwe anabwerera ku tizithunzi ta ziphaso, kumene ngakhale njerewere saloledwa kuichotsa.

Phunziro: Ukamakometsa malonda ako, usafufute anthu amene ukufuna kuti akugule. Munthu akatsegula zithunzi za ukwati amayamba wadzifuna yekha, maluwa amawaona pambuyo.