Manja Ofewa a Nangozo

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nangozo, kholo lathu la kuchikazi. Amalume akamanena za iyeyu amatsitsa mawu, ndiye nanenso ndinena motsitsa.

Nangozo anali ndi manja ofewa. Manja ofewa, anthuni! Mwamuna wake, Kamtedza, anali wofula njuchi m'milambe. Ankakhoma zikhomo pamtengo n'kukwera nazo mpaka kuphanga la njuchi. Akabwerako msana uli gwa, Nangozo ankatenthetsa mafuta a nsatsi n'kumamusisita pang'onopang'ono, mpaka munthu mkonono pamphasa dzuwa likanalipo. Ndani sakanamufuna mkazi wotero?

Tsiku lina chikhomo chinathyoka. Kamtedza anagwera phewa. Anzake anabwera naye mkono wamanja uli lende, paphewa patachita dzenje.

Anthu anathamangira a Chimkwende, nkhalamba yodziwa kubwezera mafupa. Iwo aja sankasisita ayi. Ankathowa ndi masamba otentha, kukanikiza ndi chala kufunafuna kumene fupa lathawira, kenaka kuponda kukhwapa ndi chidendene, n'kukoka. Kusukulu atiuza kuti fupa la mkono limakhala m'kachibowo ngati munsi mumtondo. Kaya a Chimkwende anazidziwa bwanji zimenezo.

Atangoyamba kukoka, Kamtedza anakuwa ngati mbuzi yozingidwa.

"Mayo ine! Nangozo, akundipha!"

Nangozo anathamangira m'nyumbamo. "Chotsani phazi lanu pa mwamuna wanga! Mukumuyesa chikuni?"

"Mwana wanga, kangotsala pang'ono," anatero a Chimkwende. "Alire lero, mawa adzakuthokoza."

"Pakhomo pano salira munthu. Manja ndili nawo ine."

Nkhalamba ija inatola ndodo yake. "Manja akowo ngogonetsa munthu wotopa. Uyu sanatope. Wavulala."

Koma Nangozo anamva? Sanamve.

Anamusisita, Kamtedza anagona. Kutacha anamusisita, anagonanso. Ululu unayamba kuchepa, mwamuna n'kumati, "Waona, Nangozo? Manja ako ndiwo mankhwala." Nangozo ankadutsa pakhomo pa a Chimkwende mutu uli m'mwamba. Komatu zala zake zinkamuuza zina. Zinkamva mkono ukuwonda. Zinkamva dzenje lija lisakudzaza. Zikamuuza choncho, iye ankangowonjezera mafuta.

Mvula itagwa, Kamtedza analephera kukweza khasu. Apo mpamene Nangozo anakagwada pakhomo paja. A Chimkwende anabwera, osanyoza, osakumbutsa. Anakanikiza phewa lija nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Fupa lamanga nyumba kumene linathawira. Nyama yameraponso. Ndikakoka tsopano, ndithyola."

Chaka chimenecho mapira anapserera ndi dzuwa. Ana ankalira njala mpaka mawu kutha. M'mawa wina Kamtedza anatenga zikhomo zake.

"Musapite, bambo a Ndaziona," anatero Nangozo atamugwira nsalu.

"Njuchi zija zimandidziwa. Mkono umodzi ukwana."

Inu, mlambe n'kukwereka ndi mkono umodzi? Anakamupeza masana patsinde, nyerere zitayamba kale.

Adzukulu pokulunga mtembo mumphasa, mkono uja unakana kugona m'mbali mwa thupi. Anayesa uku, anayesa uku, unakana. Anaitana a Chimkwende. Nangozo ali pakhonde anangomva kuti khwa! Ulendo uno Kamtedza sanakuwe.

Amati Nangozo anakalamba kwambiri, ndipo manja ake anakhalabe ofewa. Koma sanagwirenso munthu asanamufunse funso limodzi, ndipo funso limenelo anatisiyira. Mpaka lero kwathu kuno, munthu akabwera akubuula sitithamangira mafuta. Timayamba tafunsa, "Mwatopa kapena mwavulala?" Akati watopa, timamusisita agone. Akati wavulala, timapita naye kwa odziwa, ndipo alire bwanji, ife timakhala panja manja tili pindepinde.

Ine ndinawafunsa amalume mwamanyazi kuti, akanakhala amayi anga akukuwa choncho, n'kumatchula dzina langa, kodi ndikanatha kukhala panja?



"Sukanatha," anatero amalume. "N'chifukwa chake timakuuziratu ukanali mwana."