Elube Aloze Ndani?

Kalekale, komatu si kale la makolo athu, pakuti makompyuta anali atafika kale m'maofesi, pa yunivesite ina panali mayi wina dzina lake Elube Kachingwe. Iyeyu ndiye ankayang'anira netiweki ya pasukulupo, momwe munkasungidwa malikisi a ophunzira, mafunso a mayeso ndi kafukufuku wa aphunzitsi. Elube ankaona kuti netiwekiyo inali ngati nyumba yotseka ndi mphasa. Anthu ambiri pasiwedi yawo, mawu achinsinsi olowera mu kompyuta, inali dzina la mwana wawo woyamba, ndipo zinthu zonse zinali pa seva imodzi, chikompyuta chosungira zonse, chokalamba, cholira ngati chigayo.

Tsiku lina analowa mu msonkhano wa akuluakulu nawachonderera. "Mabwana, akuba a masiku ano sathyola chitseko. Amakuberani ali kwawo, akumwa tiyi. Tigule zida zotchingira netiweki, tikhale ndi seva yachiwiri yosungirapo zinthu, ndipo aliyense aphunzire kuzindikira uthenga wachinyengo."

Mkulu wa yunivesiteyo, Pulofesa Mtambalika, anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mayi Kachingwe, mafilimu akupwetekani. Wakuba wake uti angataye nthawi ndi ife? Adzabe choko?"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Elube sanagwe ulesi. Chaka chotsatira anabwereranso, china anabwereranso, mpaka anamupatsa dzina loti Mayi Tsoka.

Tsokalo linafikadi, mwambo wopereka madigiri uli pafupi. M'mawa wina makompyuta onse anakana kutseguka. Malikisi anasowa, mafunso a mayeso anayamba kuyenda m'mafoni a anthu mumzinda monse. Ophunzira anakwiya, naswa mawindo a ofesi. Pofuna kuzimitsa motowo, Pulofesa anapita pa wailesi nalengeza kuti Elube Kachingwe ndiye wagulitsa sukulu kwa akuba. Apolisi anadzamutenga anzake akuona.

Kumudzi kwawo, bambo ake a Elube, mkulu wa mpingo amene ankanyadira mwana wakeyo paliponse, anamva dzina la banja lawo pa wailesi ali pakhonde. Anagwa pomwepo, ndipo sanadzukenso. Elube anafika pamaliro atatuluka pa belo, anthu akumuyang'ana cham'mbali ndi kunong'onezana. Sanalire mokweza. Anangogwira dothi la pamanda nanena chamumtima kuti amene achita izi adzalawa zomwe iye walawa.

Patapita miyezi, akatswiri ofufuza anapeza kuti akubawo anali a kunja kwa dziko, ndipo Elube analibe mlandu. Khonsolo yoyang'anira yunivesite inamuitana. Wapampando wake, mayi wa imvi, anati, "Mwanawe, takulakwira. Bwerera pa ntchito, ndipo zimene unkapempha zija tazivomera. Olakwa alipo atatu, awa akhala apawa. Kuwachotsa onse sitingathe, sukulu ingagwe. Koma mmodzi achoke lero, mwamanyazi, dzina lake limveke pa wailesi monga linamvekera lako. Umuloze ndiwe."

Mtima wa Elube unagunda ndi chimwemwe chowawa. Anawayang'ana mmodzimmodzi.

Woyamba anali bambo Likongwe, msungichuma. Pempho la Elube likafika pa tebulo lawo, iwo ndiwo ankalikankhira pambali chaka ndi chaka. Akanavomera ngakhale seva yachiwiri yokha, malikisi sakanasowa. Bambowo anaimirira nati, "Mayi, sindikana. Koma thumba linali limodzi, ndipo ana osauka ankakomoka ndi njala m'kalasi. Ndinasankha mimba za ana." Zinali zoona, Elube anawaona anawo ndi maso ake. Koma ankakumbukiranso kuti chaka chomwecho thumba lomwelo linabala galimoto yatsopano ya Pulofesa, ndipo dzanja losayina linali la bambo Likongwe.

Wachiwiri anali bambo Chiphwanya, mlembi wamkulu wa sukulu. Iwowa ndiwo anatsegulira akuba. Analandira uthenga wabodza woti mwana wawo wamkazi, amene ankaphunzira kunja, wachita ngozi, ndipo kuti aone chipatala chimene wagonekedwa alembe pasiwedi yawo. Analemba pomwepo. "Kholo liti likanayamba lafunsa kaye?" anatero misozi ili m'maso. Koma Elube anakumbukira zina. Bambo ameneyu anakana kubwera ku maphunziro a uthenga wachinyengo amene Elube anayesa kuchititsa payekha, ati alibe nthawi ya zibwana. Choposa apo, anazindikira tsiku lomwelo chimene anachita, koma apolisi akumukweza Elube m'galimoto, iwo anaima pawindo, osaulula kanthu.

Wachitatu anali Pulofesa Mtambalika mwini wake, woseka uja, wonama pa wailesi uja. Elube akamuona, ankaona khonde la bambo ake. Koma chichitikireni zimenezi, Pulofesayo anatembenuka kuposa wina aliyense. Anayenda m'maofesi a mabungwe othandiza sukulu mpaka mabungwewo analonjeza zida zonse zotetezera netiweki, ndipo eni mabungwewo ananenetsa kuti akupereka chifukwa chodziwana ndi iyeyo. Akachoka, thandizo lichoka naye. Ngakhale kupepesa kwake kunali kouma. "Mayi Kachingwe, ndinachita mantha, ndinafuna pothawira. Mundide mmene mungathere. Koma ndikatuluka pakhomo apo, seva yanu ija simudzaiona, ndipo akubawo njira akuidziwa kale."

Elube anaimirira. Anawayang'ananso atatu aja. Ankafuna onse atatu amve mmene dothi la pamanda limazizirira m'manja, koma anamupatsa mmodzi yekha. Akaloza msungichuma, wabodza atsala akudya bwino. Akaloza mlembi, walanga kholo limene linanyengedwa chifukwa chokonda mwana wake, ngakhale kuti kukhala chete kwake kunamugoneka iye m'chitokosi. Akaloza Pulofesa, mtima wake uzizira ndithu, koma ophunzira masauzande atsala pambalambanda, ndipo chinthu chimene wachimenyera nkhondo zaka zonsezi chifera pomwepo.

"Tikudikira, mwanawe," anatero wapampando.

Elube anakweza dzanja, chala chili chilili, ndipo atatu aja anagwetsa nkhope pansi.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, mlandu ndausiya m'manja mwanu. Inu mukanakhala Elube, bambo anu ali m'manda chifukwa cha bodza, mukanaloza ndani: amene anamana chitetezo, amene anatsegulira akuba nakhala chete, kapena amene anakunamizirani koma ndiye wagwira chitetezo cha mawa?